Makina Osokera a Pakhonde la Kuseri

Chaka cha ufulu, lilime likadazolowera kunena Vila Cabral m'malo mwa Lichinga, dzina latsopano la tauni yathu, patarau, bwana wachipwitikizi amene ndinkamugwirira ntchito ya m'nyumba, anaganiza zobwerera kwawo. Katundu wake anali woti ayende pa sitima m'mabokosi, ndipo tisanakhome misomali kunabwera munthu wa seguru kuchokera ku Nampula. Ntchito yake inali kutchula mtengo wa chinthu chilichonse, kuti chikasweka kapena kumira m'njira, kampani yake ilipire.

Zimenezi zinandizunguza mutu. Kwathu chinthu timachilira chitawonongeka, koma uyu ankachiyeza chikadali chabwinobwino. Ndinkamutsatira chipinda ndi chipinda, choko m'manja, kuika kamtanda pa chilichonse chimene wavomereza. Kulemba kwanga kunkathera pomwepo, poti sukulu ndinadzaiyamba imvi zitatuluka.

Munthu wa seguruyo chinthu sankachiyang'ana kumaso. Mpando ankautembenuza n'kukanda kunsi ndi chikhadabo, kuona ngati unafumbwa. Mabulangete ankawanunkhiza, poti chinyezi cha kuno sichibisika. Mbale ankaigogoda n'kutchera khutu. Mpando umene patarau ankaukonda unatsika mtengo chifukwa chokhalidwa kwambiri, pamene galasi lopanda ntchito linakwera.

Pakhonde la kuseri panali makina osokera. Sinyora, mkazi wa patarau, anali atawapereka kalekale kwa mkazi wanga, koma ndi mawu okha, ndipo ankakhala pamenepo chifukwa nyumba yathu ku Namacula inkadontha. Ana athu ankadyera makina amenewo.

M'mawa wa tsikulo mkazi wanga anali atandiuza kuti, "Bambo a mwana, mlendoyu akafika pakhonde paja mutsegule pakamwa."

Titafika, sinyora anayang'ana kumitengo ya paini. M'malo moti nditsegule pakamwa, dzanja langa linakweza choko lokha, ndipo mkazi wanga, ali chiimire pafupi ndi chitseko, analiona.

Mlendo uja anapalasa makinawo, anawapendeketsa, n'kusuzumira kunsi nthawi yaitali. Kenako anayang'ana zala za mkazi wanga, zobayikabayika ndi singano.

"Ichi ndi chitsulo chabe," anatero m'Chipwitikizi. "Bokosi lake lingadule kuposa icho. Sindilemba."

Sinyora analowa m'nyumba.

Madzulo ine ndi mkazi wanga tinanyamula makinawo kupita ku Namacula, ine kutsogolo, iye pambuyo. Ndinkadikira mlandu wa choko, koma iye anali ndi mkwiyo wina.

"Chitsulo chabe? Makina oti ndimawathira mafuta sabata ndi sabata? Waonamo chiyani kunsiko?"

"Mwina watichitira chifundo, mayi a mwana."

"Chifundo chotukwana? Tsitsani ndione."

Tinatsitsa pambali pa msewu, tonse n'kugwada, kusuzumira. Munalibe dzimbiri, munalibe mng'alu.

"Ndiye wanama, kapena ntchito yake saidziwa?"

Ine ndinasasa fumbi m'mawondo. Iye anavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa makinawo.

"Nyamulani, kukuzizira. Wachitsulo ndi iyeyo."