Loko Wofiira wa Ababa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa ndicho chaka chimene ndinkadziona ngati munthu wofunika kwambiri m'komboni yonse ya mgodi wathu, kufupi ndi Bindura. Ababa, a Mbewe, ankagwira ntchito ya magetsi pamgodipo, komanso anali mlembi wa nthambi ya bungwe la anthu amagetsi. Ulembiwo anawasankhira chifukwa cha pakamwa, osati dzanja. Kulankhula ankatha ndithu, koma zolemba zawo zinkaoneka ngati papalasa nkhuku. Choncho Loweruka lililonse masana ankakhala pakhonde n'kumanena nkhani za bungwe m'Chichewa chija anasiyiridwa ndi agogo a ku Dedza, ine n'kumazilemba m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndikudinikiza cholembera kuti chidutse makaboni awiri.

Nkhani zake sizinali zazikulu. Wadwala ndani, kwa ndani kwabadwa mwana, maliro a ku Shamva adzapitako ndani, nsapato zogwirira ntchito zafika kapena abwana akutinamizabe. Pepala limodzi ankalimata kuwekishopu, lina pakhoma la holo ya m'komboni, pomwe achinyamata ankawerengera madala amene maso anawatha. Ine ndinkadutsa paholopo kawiri katatu popanda chondipititsa, kungofuna kumva wina akunena kuti mwana wa a Mbewe amalemba mwaluso. Matama ndinali nawo, sindikana.

Munthu aliyense wamagetsi anali ndi loko wakewake, wofiira, wokhala ndi dzina lake, ndipo kiyi wake anali mmodzi basi. Asanagwire waya kapena makina, munthu ankazimitsa switchi yaikulu n'kuikhoma ndi loko wakeyo, kiyi n'kuika m'thumba. Akakhala anthu atatu pantchito imodzi, paswitchipo pankalendewera maloko atatu. Aliyense akamaliza ankachotsa wake wokha, ndipo magetsi sankayatsidwa mpaka loko womaliza atachoka. Palibe ankafunsa kuti kodi kwatsala munthu. Ankangoyang'ana paswitchi. Pakakhala popanda loko, ndiye kuti kulibe munthu.

Lamuloli ababa ankaligwira ngati la kutchalitchi. Ndi iwo amene anaumiriza bungwe kuti aliyense wopezeka akugwira ntchito popanda loko wake, dzina lake lizilembedwa papepala la paholo. Ine ndinali nditalembapo kale mayina awiri, ndipo ndinawalemba ndi zilembo zikuluzikulu, mtima uli mbee.

Mapepala ndi makaboni a bungwe ndinkasunga m'kabokosi kachitsulo kunsi kwa bedi langa. Lamulungu lina madzulo ndinapeza alongo anga awiri aang'ono, mapasa aja osamva, atatsegula kabokosiko n'kudzipaka kaboni kumaso kuti akhale ndi ndevu ngati abusa. Ndinawathamangitsa ndi patapata mpaka kumpopi. Pobwerera, ndikali wolusa, ndinaona loko wa ababa atalendewera pamsomali pamodzi ndi ovolosi yawo, kiyi ali pomwepo. Ndinamutenga n'kukhoma kabokosi kanga, kiyi n'kumangirira kachingwe m'khosi. Ndinati ndiwaonetse anyamatawo kuti ofesi ya bungwe si malo osewerera, ndibwezera loko pamsomali tisanagone. Ndinaiwala.

M'mamawa kukali kachisisira ndinadzidzimuka ndi mawu a ababa.

"Loko wanga wamuona ndani? Amake Felesiya, loko wanga ali kuti?"

Amayi ankasuntha mipando, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu sasunga zinthu zake. Kunja lole yonyamula antchito inali italiza kale hutala kawiri. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, ndipo ine ndinali m'bulangete kiyi ali pachifuwa panga. Ndinamva zonse. Ndikanangodzuka, mwina ndikanalandira khofi limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinaopa khofilo, ndinaopanso manyazi oti mlembi wamkulu ngati ine adzudzulidwe mapasa akuona. Ndinadziuza kuti kuntchito maloko aliko ambirimbiri. Ndinatseka maso mwamphamvu mpaka chitseko chinamenyetsedwa. Akuluakulu amati pakadafunda padajiwitsa galu, koma tsiku limenelo amene anajiwa sanali galu wogonayo.

Kusukulu sindinakhazikike. Kiyi uja ankandikanda pakhungu, ndipo ndinapempha kupita kuchimbudzi katatu mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba. Nthawi yopuma itangotha, tinamva ambulansi ya pamgodi ikutuluka pageti ikulira. Ana a m'komboni tonse tinkaidziwa kulira kwake, ndipo aliyense m'kalasimo anayamba kuganiza za bambo wake. Ine sindinaganize. Ndinadziwa.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Ababa anatumidwa kukakonza pampu yopopa madzi pamodzi ndi mnzawo wapamtima, a Mwale. Atafika paswitchi anati, "Achimwene, wanga ndaiwala kunyumba, ndilowa pa wanu." A Mwale anakhoma loko wawo, aliyense n'kupita mbali yake, a Mwale pabokosi la mawaya, ababa kupampu, kuseri kwa khoma. Madzi anali akukwera, foromani akukalipa pawailesi kuti pampu iyake. A Mwale atamaliza mbali yawo anachita zomwe manja awo anazolowera kwa zaka makumi awiri. Anachotsa loko wawo, anaona kuti paswitchi palibe wina, anayatsa. Ababa anali asanachotse sipanala. Moto unawawaula dzanja lamanja mpaka m'chigongono, n'kuwaponyera kukhoma. Anapulumuka, koma zala ziwiri sizinadzapindikenso.

Mlungu umenewo m'nyumba mwathu munalibe wokhala pansi. Amayi ankapita kuchipatala ku Bindura m'mawa n'kubwera madzulo akununkha mankhwala, ndipo akafika ankayamba kupukuta mbale zopukuta kale. Abwana a mgodi anali atanena kuti pakhala mlandu, ndipo wolakwa achotsedwa ntchito. Pamgodi kutha kwa ntchito kunali kutha kwa nyumba, pakuti nyumba zonse zinali za kampani. Ife tinalibe mudzi wothawirako. Ku Dedza tinkangokumva m'nkhani, ndipo ngakhale ababa anali asanapondeko. Azimayi a pampopi ankasiya kulankhula ndikamafika ndi ndowa. A Mwale ankabwera tsiku ndi tsiku n'kukhala pamwala kunja kwa mpanda wathu, chipewa chili m'manja, osalowa, osalandira ngakhale madzi. Ine kiyi ndinamubisa m'sokosi, kenako m'chitini cha mchere, kenako ndinamubwezeranso m'khosi. Paliponse pamene ndinamuika ndinkaona ngati akuoneka.

Ababa anatuluka m'chipatala Loweruka, ndipo Lamulungu titaweruka kutchalitchi bungwe linaitanitsa msonkhano muholo kuti ligwirizane zokanena pamlandu. Ana sankaloledwa m'misonkhano, koma dzanja la mlembi linali m'mabandeji, choncho anandikhazika pambali pawo ndi kope. Muholomo munali amuna oposa makumi atatu, fungo la fodya ndi polishi wa nsapato za kutchalitchi lili thoo. Wapampando anali VaMoyo, Mshona wamtali wosakonda kuseka.

Anakangana nthawi yaitali. Ena ankati tikanene kuti switchi inali yowonongeka. Ena ankati mlandu ndi wa foromani amene ankafulumizitsa anthu. Mdala wina anaimirira n'kunena m'Chilapalapa chake chakale, chilankhulo cha kumigodi, kuti hayikona, ayi ndithu, abwana si ana, akufuna dzina la munthu, ndipo tikapanda kuwapatsa adzasankha okha a Mwale chifukwa ndiwo anayatsa. A Mwale anangoweramitsa mutu.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira kope lagwa pansi, ndavula kachingwe m'khosi, kiyi ali m'mwamba.

"Ndine ndinatenga loko wa ababa," ndinatero. "Ndinakhomera kabokosi kanga. Ankamufuna m'mawa, ine ndinamva, koma sindinanene."

Holo yonse inapuma. Ndinaona nkhope zikumasuka. Wina anaseka, wina anaomba m'manja. VaMoyo anagogoda patebulo n'kunena kuti, "Varume, mwana ataura chokwadi," kutanthauza kuti mwana wanena zoona, ndipo anapitiriza kuti apa nkhani yapepuka. Tikauza abwana kuti ndi ngozi yochokera kunyumba, chibwana cha mwana, ndipo palibe bwana angachotse munthu ntchito chifukwa cha kamtsikana ka pulayimale. Ine misozi inali ikutsika, koma mumtima ndinkamva kukoma. Ndinkaona kuti ndapulumutsa ababa, a Mwale ndi nyumba yathu, zonse nthawi imodzi.

"Khala pansi, Felesiya," anatero ababa. "Tola kope lako."

Anaimirira pang'onopang'ono, atagwirizira dzanja lopsalo ndi linzake.

"Abale anga, mwanayu anatenga loko kunyumba, n'zoona, ndipo zimenezo tikakambirana kunyumba konko. Koma kupampu kunalibe mwana. Ndinafika paswitchi ndikudziwa kuti m'thumba mulibe loko. Ndikanatha kubwerera kuwekishopu n'kunena kuti lero sindigwira waya, andidule tsiku. Ndinachita manyazi, poti ndine ndimalemba anzanga. A Mwale sanalakwe kanthu, anayang'ana paswitchi monga tinaphunzitsirana. Amene analowetsa dzanja popanda loko ndine. Kumlandu mukanene zimenezo, ndipo za mwanayu zisakamveke."

Anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. A Mwale anaimirira akuti, "Achimwene, ganizirani ana," koma ababa sanawayang'ane. Anatembenukira kwa ine.

"Lemba. Mbewe anagwira ntchito popanda loko wake. Ulembe ngati mmene unalembera anzanga aja, zilembo zomwe zija."

Ndinalemba. Ndinadinikiza moti cholembera chinaboola pepala. Madzulo ake anandiperekeza kukalimata pakhoma la holo, iwo atagwira pepala ndi dzanja lamanzere, ine ndikupaka ulimbo. Kunyumba sanandimenye. Anangondiuza kuti nditsegule kabokosi ndiwapatse loko wawo, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkawasambitsa bala ndi madzi a mchere m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo ndikanakonda chikwapu.

Bungwe linawamenyera nkhondo kumlandu, ndipo poti anavomera okha, sanawachotse ntchito. Koma anawachotsa kumagetsi n'kuwaika m'chipinda chotchajira nyali za anthu olowa pansi, ntchito ya madala oyembekezera penshoni. Nyumba yathu ya zipinda zitatu inali ya amisiri, choncho tinasamutsidwira kunyumba za m'mizere ya kumunsi, chipinda chimodzi ndi khitchini, chimbudzi chogawana ndi mabanja anayi. Tinanyamula katundu pawilibala anthu akuonerera. Ulembi anautula okha. A Mwale anagwirabe ntchito mpaka kukalamba.

Ndinawakwiyira ababa zaka zambiri, ndipo ndikunena izi mosabisa. Ndinkaona kuti ndinawapatsa chinthu chachikulu chimene ndinali nacho, iwo n'kuchikankha pamaso pa anthu chifukwa chofuna kuoneka olungama. Tikamagona pansi ine ndi mapasa, miyendo ili kukhomo, ndinkati ulungamawo ndi umenewu. Amayi nawo sanawakhululukire msanga.

Ndinawafunsa nditakula, ndili ndi mwana wanga woyamba kumsana, iwo atapuma ntchito akukhala kwa mlongo wanga ku Aerodrome, m'tauni ya Bindura. Ndinayembekeza kuti andiuza za malamulo a bungwe, zoti aliyense akanayamba kubwera ndi chifukwa chake cha kunyumba. Anatchulako zimenezo pang'ono, koma mosaikirapo mtima. Kenako anayang'ana zala zawo zowuma zija n'kunena kuti, "Iwe komboni sukuidziwa? Ukanakhala mwana uja anatentha bambo ake. Kusukulu, kumpopi, ngakhale tsiku la ukwati wako akanakulozabe chala. Dzina lotere silichoka. Ine ndinali wamkulu, langa ndikanatha kulisenza."

Mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanaganizepo kuti m'komboni monse, mmene nkhani inkayenda kuposa moto wa kutchire, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandinenapo za loko uja. Amuna oposa makumi atatu anandimva ndikuulula, ndipo onse anakauza akazi awo zomwe zinalembedwa papepala basi. Ine ndinkawerengera zipinda zimene tinataya, osadziwa kuti zinagula chiyani. Tsopano ndikudziwa kuti kunena zoona kwanga kunali kwabwino, koma kunalinso kofuna kuomberedwa m'manja, pomwe kwa ababa kunawadyera ntchito imene ankaikonda. Anamwalira chaka chathachi. Ndinachedwa kuwathokoza ndi zaka khumi ndi zisanu, koma ndinawathokoza akumva.