Kumbuyo kwa Tayala la Apongozi

Njinga ndinaidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Kulemba ndaphunzira imvi zitamera kale, m'kalasi ya akuluakulu kuseri kwa tchalitchi, koma miyendo inali itaphunzira zake kalekale, kututa matumba a mbatatesi kuchokera ku Chimbonila kupita kumsika wa ku Lichinga. Ndine munthu wa mtima wosakhazikika. Zaka za nkhondo zinandisiyira maganizo amene amabwera ndikakhala chete, ndipo mankhwala amene ndinawapeza ndi kupalasa. Nchifukwa chake ndinapalasabe anzanga a msinkhu wanga atazikoleka njinga zawo kudenga.

Chaka china, mphamvu zanga zikupita kumapeto, anthu ena a m'tauni anakonza mpikisano wa njinga wa masiku atatu. Tsiku lililonse linali ndi ulendo wake, umene ankautcha etapa, ndipo nthawi ya masiku onse ankaiphatikiza. Amene nthawi yake inali yochepa kuposa onse ankavala kamizola yachikasu, malaya osonyeza amene akutsogola. Wopambana pamapeto ankamutenga kukalowa timu ya chigawo ndi kumupatsa njinga yeniyeni yothamangira, ya matayala owonda ngati chala.

Timu yathu tinalimo atatu. Munali ine, mnzanga wina makaniko wa njinga wa ku Sanjala, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatopa, ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wachisamba. Mkamwiniyo ankakwera mtunda ndi matumba awiri akuimba mluzu. Njinga yothamangira ankailota kuyambira ali mnyamata, ndipo mwayi wake unali womwewu. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo anagwirizana kuti mpikisanowu ukapanda kumutengera kwina, zothamanga zithere pomwepo, njinga ibwerere kumatumba.

Nzeru ya mpikisano ndinaitola m'baraka ina yogulitsira zakumwa ku Chiuaula, m'mene tinkaonera pa kanema mipikisano ya ku Ulaya. Anzanga ankayang'ana amene ali kutsogolo. Ine ndinaona kuti wopambana amakhala tsiku lonse atabisala kumbuyo kwa anzake, iwo akumudulira mphepo ndi kumubweretsera madzi, ndipo amatuluka pamtunda womaliza miyendo idakali yatsopano. Sizinali zachilendo kwenikweni. Aliyense amene anapalasapo m'mwera wa mwezi wozizira amadziwa kuti kumbuyo kwa thumba la mnzako njinga imapepuka.

Ndinawafotokozera choncho: ine ndi makaniko tizisinthana kutsogolo, akamwini azikhala pa tayala lathu lakumbuyo, madzi tiziwapatsa ndife.

"Mwamva, akamwini?"

"Ndamva, bambo," anayankha maso ali pansi.

Ndikanadziwa kuti mkamwini woleredwa bwino amayankha choncho ngakhale utamuuza kuti mawa alime padenga.

Tsiku loyamba tinanyamuka m'mawa kukuzizira, mphepo ikuomba kuchokera kumanzere. Titangotuluka m'tauni ndinalowa kutsogolo monga tinapanganirana. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kunali makaniko yekha. Akamwini anali pambali panga, kumanzere, chifuwa chonse pamphepo, akunditchinga ine.

"Bwererani kumbuyo," ndinatero.

"Eya, bambo."

Anabwerera pang'ono, kenaka mwakachetechete anadzafikanso pambali. Zinatero mpaka pakati pa ulendo. Apo ndinaona kuti milomo yawo yauma, ndipo ndinasolola botolo langa n'kuwatambasulira. Anagwira mabuleki. Anatsika panjinga, anaiimika bwinobwino, ananjuta pamsewu n'kutambasula manja awiri. Nanenso ndinayenera kuima, pakuti botolo linali m'dzanja langa. Gulu lonse linatidutsa ngati mbalame, ndipo kutsogolo kwake kunali mnyamata wamtali wogulitsa pau, buledi wathu wa kuno, ku Chiuaula, amene madzulo ake anavala kamizola yachikasu.

Makaniko anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

"Akulu, mukanabweretsa ndi mphasa yomwe, kuti mwambowu uyende bwino."

Madzulo amenewo tinakhala pakhonde panga. Akamwini anakhala patali, pansi, pafupi ndi nkhokwe. Ine mtima unali utatentha.

"Tsiku lonse mwalimbana ndi mphepo chifukwa cha munthu amene sakufuna mphotho. Njingayo mukuifuna kapena ayi?"

"Ndikuifuna, bambo. Koma anthu akamva kuti apongozi ankanditungira madzi, ine n'kulandira ndi dzanja limodzi ndili pachishalo, kwathu akati ndinaleredwa ndi ndani?"

"Nanga kukhala kumbuyo kwavuta pati?"

Anayankha ndi makaniko.

"Akulu, taganizani. Munthu tsiku lonse maso ali pa kabudula wa apongozi ake. Ineyo ndine mlendo, koma ndavutika nazo."

Mwana wanga, amene ankasenda mbatatesi pakhomo la khitchini, anaseka mpaka anagwira mimba.

"Bambo, munthuyu mukumupempha, nchifukwa chake akukana. Atabwera kudzandikwatira munamupatsa ndime ya zitsa zokhazokha. Anakana?"

"Sanakane."

"Ndiye mutumeni ntchito."

Ndinawayang'ana akamwini pafupi ndi nkhokwe paja. Kenaka ndinakhosomola monga amachitira mwini mudzi, ndipo ndinalankhula mawu amene ndinali ndisanawagwiritse ntchito kuyambira chaka cha ukwati wawo.

"Akamwini, pakhomo pano muli ndi ndime ina imene simunalime. Ndimeyo ndi tayala langa lakumbuyo. Mawa muliyang'anire. Likatalikirana ndi tayala lanu lakutsogolo kupitirira chikhatho, ndidziwa kuti mwana wanga anakwatiwa ndi mlesi."

Anadzutsa mutu koyamba.

"Ndimeyo ilimidwa, bambo."

Za madzi anakonza ndi makaniko. Anati ukwati uliwonse uli ndi nkhoswe, ndipo iye akhala nkhoswe ya botolo: ine ndizipereka kwa iye, iye azipereka kwa akamwini, pakuti kwa makaniko munthu angalandire ngakhale ndi mano.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndimalikumbukira ndikafuna kuseka ndekha. Msewu unali wa zitunda zazing'ono pakati pa minda ya chimanga chouma. Akamwini anamatirira pa tayala langa ngati nkhupakupa. Ndinkamva kupuma kwawo kuli phee pamene ine ndinkapuma ngati mvukuto. Ndikatopa ndinkapatukira pambali, makaniko n'kulowa kutsogolo, ndipo ine ndinkalowa pakati kuti ndime ya akamwini isachoke pamaso pawo. Botolo linkayenda ulendo wake wautali, ndipo makaniko sankalipereka chete.

"Madzi ochokera kuchimuna. Ayi, ndalakwitsa, ochokera kuchikazi. Landirani."

Wogulitsa pau anali ndi anzake anayi a timu imodzi, onse amphamvu, koma aliyense ankafuna kamizola yomweyo. Titafika pamalo opanda mitengo pamene mphepo imadula msewu chopingasa, ndinauza makaniko kuti tiponde. Tinandanda mopendekeka, wina kuseri kwa phewa la mnzake, mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu, kuti wotitsata asapeze pobisala. Anyamata aja anabalalika, aliyense ndi mphepo yake. Pamtunda womaliza ine ndinali nditatha, makaniko ali kutsogolo, ndipo akamwini anamudutsa makanikoyo osachita manyazi, n'kukafika oyamba. Nthawi imene tinataya dzulo lake inabwerera pafupifupi yonse. Kamizola inatsalabe kwa wogulitsa pau, koma ndi kampata kakang'ono.

Tsiku lachitatu ulendo unkathera pa mtunda wautali wolowera m'tauni, pakati pa mitengo ya paini. Wogulitsa pau anali ataphunzira. Anasiya anzake n'kudzakhala kumbuyo kwa akamwini, kudya nawo mthunzi wathu. Makaniko anakoka mpaka patsinde pa mtunda, kenaka anati, "Akulu, mimba yanga yafika kwawo," n'kutsalira. Tinatsala atatu, ine kutsogolo.

Ndinapereka zonse zimene zinali m'miyendo. Ndinkafuna kuti mnyamata wamtaliyo afike pakati pa mtunda atatopa kale, pakuti thupi lalitali limalemera pokwera. Nditamva kuti kupuma kwake kwayamba kulira, ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

"Pitani tsopano, akamwini."

Tayala lawo silinasunthe pa tayala langa.

"Ndati pitani."

"Munati ndisasiye ndime, bambo."

"Ndime yatha."

"Sindingakudutseni n'kukusiyani pamtunda muli chonchi."

Liwiro langa linkatsika, ndipo ndinkadziwa kuti wogulitsa pau akupezanso mpweya. Iye sankafunika kupambana tsikulo. Kungofika limodzi ndi akamwini kunali kokwanira kuti njinga ikhale yake. Mawu otuma ntchito anali atandithera, ngakhale mpweya wowanenera.

Kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi panjira yopapatiza, amapatukira m'udzu kuti iwo adutse. Tsikulo ndinapatuka ndine. Ndinakhotetsa chiwongolero kumanzere, ndinadumpha kangalande, n'kulowa ndi njinga yomwe m'munda wa nyemba wa munthu amene sindimudziwa mpaka lero. Ndinagwa chofewa, chagada, miyendo m'mwamba. Pamsewu panalibenso mpongozi woti n'kumudutsa.

Akamwini anacheuka. Ndinakweza dzanja ndili chigonere n'kuloza kumtunda. Anaimirira pa mapedulo. Ndinaona msana wawo ukuchepa pakati pa mitengo ija, ndipo kamizola yachikasu kumbuyo kwawo inkagwedezeka uku ndi uku, mpata ukukula.

Ndinagona m'nyembamo kanthawi ndithu, ndikuyang'ana mitambo. Za kusiyana panjira ndimazidziwa kuyambira zaka zoipa zija, ndipo sizinandipatsepo mtendere. Koma tsiku limenelo wosiyidwa ndinali ine, mwa kufuna kwanga, ndipo m'chifuwa munali mopepuka moti ndinayamba kuseka. Makaniko anandipeza ndikuseka choncho. Anaima, anayang'ana nyemba zothyoka, anayang'ana ine.

"Akulu, mwayamba kukolola za eni?"

Tinakwera mtundawo wapansi, tikukankha njinga. Tisanafike tinamva nthungululu, ndipo pakati pa mawu onsewo ndinazindikira a mwana wanga.

Akamwini anali atavala kale kamizola yachikasu, yowathina m'mapewa. Njinga yatsopano inali itatsamira pamtengo, anthu ataizungulira, wogulitsa pau akuinyamula ndi zala ziwiri n'kumapukusa mutu. Atationa, akamwini anasiya onsewo. Anatenga botolo la madzi, anayenda mpaka pamene ndinaima, anagwada pafumbi ndi kamizola yawo yomweyo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Makaniko anatambasula dzanja kuti alandire ndiye.

"Iyayi," ndinamuuza. "Awa sadzera kwa nkhoswe."

Ndinamwa onse.