Chala pa Puliyampu

A Fyuzi anayamba kukonza mawailesi mphezi isanaphunzire kung'anima. Kashopu kawo n'kakang'ono moti kasitomala akafuna kuyetsemula amayamba watuluka panja. Koma chuma chawo chenicheni chili kunyumba, pabalaza: ampulifaya yakale yokuzira mawu a nyimbo imene anawasiyira malemu bambo awo, yolemera ngati chitsa cha mtengo, ndi masipika awiri oti mwana wopulupudza akhoza kubisalamo mpaka kumera ndevu.

Tsono ampulifayayo siimba yokha. Imafuna puliyampu, kabokosi kolandira nyimbo ku galamafoni n'kuipereka kwa iyo mwaulemu. Ndipo nkhalamba ya ampulifayayi inali ndi matama. A Fyuzi anaiyesa ndi mapuliyampu khumi ndi imodzi. Ina inanong'ona ngati mpongozi wamanyazi. Ina inabangula mpaka mphaka anasamukira kwa aneba, sanabwerenso.

Mayi a mapasa, akazi awo, anatopa.

"Loweruka likafika chitsa chanuchi chisanaimbe, chikupita kuseri kwa nyumba. Pamenepa ndiika makina anga osokera."

"Mayi, imeneyi ndi mbiri ya banja."

"Mbiri yake yodya malo a mipando itatu?"

Lachisanu masana a Fyuzi anabwera ndi puliyampu ina yakale, ya msinkhu umodzi ndi ampulifayayo, ataikumbatira ngati khanda. Atalumikiza, nyimbo inatuluka yokoma ndithu, koma pansi pake panali kulira kwa njuchi: mmmmm. Anasintha mawaya, njuchi zili pomwepo. Anazimitsa firiji, njuchi zinangowonjezera abale.

Loweruka m'mawa mayi a mapasa analowa osavala nsapato, tepi yoyezera ili m'manja. Pofuna kuyeza khoma, anatsamiritsa chala pachitsulo cha puliyampu ija.

Njuchi zii.

Gitala anamveka bwinobwino, mpaka kupuma kwa woimba. Atachotsa chala, mmmmm. Atabwezera, zii.

A Fyuzi anadziwa pomwepo chimene chinasowa: kawaya kamodzi kolumikiza chitsulo cha mabokosiwo, ntchito ya mphindi ziwiri. Kawayako kanali m'thumba la malaya awo. Anakakankhira pansi ndi chala.

"Mayi, mwaona? Makinawa akana anthu onse, asankha inu. Muli ndi magazi a nyimbo."

"Musandinamize, bambo inu."

"Zaka makumi anayi pantchitoyi, sindinaonepo chala chotere."

Makina osokera anapita kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse mayi a mapasa amakhala pambali pa amuna awo, phazi pasimenti, chala pa puliyampu, uku akulamula nyimbo yoti iikidwe. Tiyi amapanga ndi a Fyuzi, poti mwini chala sangadzuke. Mbale nazonso amatsuka ndi a Fyuzi, poti madzi ozizira amawononga chala.

Kawaya kaja mayi a mapasa anakapeza tsiku lochapa. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukabisa m'chitini cha mabatani.