Kwaya Yadzuka Bwanji?

Tsiku limene Nasingano analephera kulowetsa ulusi pa singano, anaphimba makina ake osokera ndi nsalu n'kukhala pansi. Makinawo anali a malemu amayi ake. Chopondera chake chinali chitaperepeseka mbali imodzi, pamene phazi la amayiwo linkaponda zaka zonse zija.

Inu amene mwatopa ndi moyo, tamvani za mayi ameneyu.

Ankasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo. Chaka chimenecho manja ake anayamba kunjenjemera. Mtima unkagunda ngati wathamanga, thukuta lili kamukamu ngakhale kuzizire, tulo osabwera. Kudya ankadya, koma madiresi ankangomukhwepa. Kanthu kakang'ono, wapsa mtima. Makasitomala anayamba kunong'onezana kuti ali ndi mtima wapachala, ena n'kumati wayamba kumwa. Mmodzimmodzi anatenga nsalu zawo.

"Mlamu, gulitsani makinawa asanachite dzimbiri," anatero mlamu wake. "Wogula ndamupeza kale."

Nasingano anapempha kuti adikire kaye. Ankapemphera, koma ankadziimba mlandu kuti mwina chikhulupiriro chake n'chimene chachepa.

Pakhonde lomwelo pankakhala mkulu wosoka nsapato, wogontha khutu limodzi, amene ankaimba besi m'kwaya. Anthu ankangowatchula a Chidendene. Iwo anaona zonse, koma sanafunse. M'mawa mwake Nasingano anapeza makina ali ndi ulusi kale, pambali pali kasiponji kobayidwa singano zamanja, iliyonse ndi ulusi wake: wakuda, woyera, wofiira.

"Ndani wagwira makina anga?"

"Kaya, mwina angelo," anatero a Chidendene osadzutsa mutu.

"Angelo ake onunkha guluu?"

Zinapitirira choncho m'mawa uliwonse. Tsiku lina mkuluyo anaika nsapato pansi.

"Mwana wanga, pita kuchipatala akakuone."

"Ndi maganizo chabe, bambo."

"Maganizo amatupitsa khosi? Nsapato ikamaluma sitikalipira phazi, timayang'ana msomali."

Anapita. Atamuyeza magazi, namwino anamuuza kuti vuto ndi chithokomiro, kachiwalo kapakhosi, kamene kankatulutsa mahomoni ochuluka.

"Mahomoni amayenda m'magazi, kuuza thupi nthawi yothamanga ndi yopuma," anatero namwinoyo. "Anuwa akungoti thamanga, thamanga. Nkhawa muli nazo ndithu, mayi, koma thupi likatere, ngakhale yaing'ono imalemera. Si kuipa mtima ayi. Mankhwala alipo."

Nasingano analira pomwepo, chifukwa cha mawu akuti si kuipa mtima.

Atabwerera pakhonde, a Chidendene anatchera khutu lawo labwino lija.

"Akuti ndi mahomoni, bambo."

"Hamoni? Ndinadziwa! Kwaya ikataya hamoni, mawu osagwirizana, ndiye kuti sopulano wakwera yekha, anzake wawasiya m'mbuyo. Sitithetsa kwaya, timangomutsitsa."

Nasingano anafuna kuwakonza, koma anangophulika kuseka, kuseka kumene anali atakuiwala. Kuyambira pamenepo moni wawo unasintha.

"Kwaya yadzuka bwanji?"

"Sopulano akutsika pang'onopang'ono, bambo."

Sizinathe msanga. Ankamwa mapiritsi osadumphitsa, n'kumabwerera kukayezetsa, ndipo nthawi zina ankamusinthira mlingo. Anaphunzira kudya pa nthawi yake, kuyenda pang'ono m'mawa, ndi kuimitsa makina masana kuti apume ndi kupemphera. Masiku ena ankadzuka ali wofooka, mzere wa ulusi n'kukhota ngati njira ya mbuzi. Ankasomola, n'kuyambiranso. Anayamba ndi kupinda mathalauza ndi kuika zigamba. Mayi wina amene anachotsa nsalu yake kale anaibweretsanso mwakachetechete. Wogula makina atafika, Nasingano anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumuuza mwaulemu kuti sakugulitsa.

M'mawa wina analawirira, ndipo anapeza a Chidendene atawerama pa makina, akulimbana ndi ulusi. Maso awo anali atayamba kuchita chidima, ndipo ulusi unkangophonya. Apa m'pamene anadziwa kuti miyezi yonseyi mkuluyo ankavutika chotere, yekha, iye asanafike.

"Bweretsani, bambo."

Anagwira ulusi, dzanja lili phee, ndipo unalowa kamodzi. Kenaka anatenga singano yaikulu ya nsapato n'kuwalowetseranso wawo.

A Chidendene anatsokomola. "Hamoni yabwerera," anatero ndi besi yawo ija.

Mkuluyo anatisiya kalekale, ndipo khonde lija analigumula. Lero Nasingano ali ndi shopu yakeyake ndi ophunzira ake. Makina a amayi ake akadali pakona, kasiponji kaja kali pamwamba. Wophunzira akabwera nkhope ili yakugwa, amapeza singano yake ili ndi ulusi kale, ndipo safunsidwa kanthu.

M'bale wanga, ngati mtima ukukuthamanga ndipo manja sakukumvera, usadziweruze. Pemphera, komanso pita akakuyeze. Mwina ndi liwu limodzi lokha limene lakwera. Usathetse kwaya, ndipo usataye mtima: nyimbo yako sinathe.