Waya wobiriwira uja ndinamasula ndine

Mwaswera bwanji abale nonse.

Lero m'mawa magetsi anazima kuno ku Chiwanga, apongozi aamuna n'kuliza jenereta kuti nsomba za alendo zisaonongeke. Ine Tiyamike ali kumsana, ndinagwira chitseko cha jeleira, firiji ija, ndipo ndinamva kunyerenyetsa mpaka m'phewa. Pomwepo ndi pamene mwanayu akumakwawira masiku ano.

Apongozi anazimitsa, n'kuitana a mestre a zamagetsi. Anapeza kuti waya wobiriwira wochoka pa jenereta kupita pansi palibe. Akuti ndi umene umalondolera magetsi osochera kuti alowe m'dothi, asadzere mwa munthu. Chitsulo chakale chokhoma m'dothi, chomangirirapo wayayo, chinalinso chachifupi, chongothera mumchenga wouma.

Anakhoma china chachitali, chamkuwa. Ndinangoima kuyang'ana chikumira pang'onopang'ono, mpaka anati, "Mayi, chafika ponyowa." Mtima wanga unapita kwa madzi amene ali pansi pa nyumba yathuyi, ozizira, achete, amene sanaonepo dzuwa, ife tikungogona pamwamba pake. Anamanga waya watsopano, anayeza ndi kamakina kawo, anati tsopano zili bwino.

Koma abale, waya uja ndinamasula ndine sabata yatha. Chingwe choyanikira matewera chinaduka, ndiye ndinauona ngati waya wongokhala. Ine, ndi satifiketi yanga ya ku instituto, kusukulu yaukachenjede!

Apongozi akuti anaba ndi a Saide, amene akhala akutisokera maukonde zaka zambiri, ndipo mawa akawauza kuti asadzapondenso pano. Amayi, achemwali, ndiyambe bwanji kuulula? Ndikagwade ndekha lero lomwe, kapena ndidikire bambo a Tiyamike abwere kuchokera kunyanja?