Kapu Yolembedwa Kyutekisi

Inu amene munadzitaya kale, khalani pansi mumve. Sindibwereza.

Struan anabwerera kwa mayi ake ku Dundee ali mafupa okhaokha. Ntchito inatha, mkazi anachoka, mankhwala ozunguza bongo a heroini anadya zonse. Mayi akewo, a Effie, atamva kuti anzake omwe ankabwerekana naye jakisoni ali ndi hepataitisi C, matenda a chiwindi aja, anatenga kapu imodzi n'kuilemba mtanda ndi kyutekisi wofiira wopaka zikhadabo.

"Yako ndi iyi. Ukagwira ina, ndikuthyola zala."

Mwana wamkazi wa Struan, Ailsa, akabwera Lamulungu, agogo ankamukhazika patali ndi bambo ake. Kumunyamula ayi, kumupsompsona ayi. Izi zinkamulasa Struan kuposa chibaba cha heroini.

Kuchipatala sankafunako. Anaona mnzake akunjenjemera chaka chathunthu ndi majakisoni akale ochizira matendawa, osachira.

Koma kufamase ankapitako m'mawa uliwonse, kukamwa mankhwala omuthandiza kusiya heroini. Tsiku lina anatchula za kapu ija. Wamankhwala, Mayi Tulloch, sanaseke.

"Bweretsani chala, bambo."

"Aa, ine za masingano ndinasiya."

"Munthu munadziboola thupi lonse, lero mukuopa kaminga aka?"

Timadontho ta magazi papepala, basi. Zotsatira zitabwera, matenda analimo.

"Majakisoni aja anapita," anatero Mayi Tulloch. "Pano ndi mapiritsi. Muzimwera pompano, ine ndikuona."

Anamwa. Kugwe mvula, anamwa. Mutu uwawe, anamwa. Anzake akale ankamudikira pakhomo pa famase: "Ada, mwasanduka m'busa kodi?" Iye ankangowadutsa. Tsiku lina anagonereza, a Effie anamuvula bulangete n'kumuponyera nsapato.

Mapiritsi atatha, panapita miyezi, anamuyezanso. A Effie anapita okha kwa Mayi Tulloch kukamva, poti zonena za mwana wawo sankazikhulupirira.

"Amayi inu, wachira kapena wangopezako bwino? Nenani chimodzi, basi ikundisiya."

"Wachira. Kachilombo mulibe. Komanso kapu yanu ija munangoivutitsa. Matendawa amayenda m'magazi, osati m'tiyi."

A Effie, amene sanagonjepo kwa wogulitsa nsomba aliyense, apa anagonja n'kukakwera basi yawo.

Lamulungu anathira tiyi m'kapu ya mtanda ija. Anamwa iwo, kenako anapatsa Ailsa.

"Amayi, bwanji osangoitaya?"

"Nditaye kapu yabwinobwino? Unagula ndiwe?" Anapukuta m'maso ndi epuloni. "Nanga waimiranji ngati mtengo? Mwana wako uyo, munyamule!"

Anamunyamula. Anali atalemera, kamwanako.

Lero Struan amamanga makwerero pa nyumba zazitali, ndipo Lamulungu lililonse Ailsa amalimbirana naye kapu yomweyo.

Tsono inu mukudikira chiyani? Mwina kwanu anakulembani mtanda, mwina munadzilemba nokha. Dzukani, mukapereke chala. Musataye mtima, kyutekisi amafufutika.