Matenda a aNambewe

APatson Sakala a ku Sinda ankadziwika ndi ntchito yokonza mijigo. Mjigo ukayamba kutulutsa mphepo m'malo mwa madzi, anthu ankangotuma uthenga, iwo n'kumangirira masipanala pa njinga, ulendo. Kusukulu sanapite patali. Lusoli analitola akunyamulira zitsulo anthu okumba zitsime. Mkazi wawo, aClementina, omwe onse ankawatchula kuti aNambewe, anali mlimi wa mtedza, mayi wa phwete lomveka kutsidya kwa dambo. Anali ndi mwana mmodzi, Ireen, wokwatiwa ku Vubwi.

Chaka china mvula itangoyamba, aNambewe anayamba kutopa osamaliza ndi mzere umodzi womwe. Kukiliniki anati ndi malungo. Anamwa mankhwala, thupi osaleka kutentha. Kenaka m'miyendo munabuka mabanga akuda ngati amenyedwa, ndipo amayi ena kumjigo anayamba kuwayang'ana aPatson cham'mbali. Zimenezi zinawapweteka, koma akanafotokozera ndani? Tsiku lomwe aNambewe anayamba kamfuno wokana kusiya, aPatson anawakweza mkazi wawoyo pa njinga mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi ya ku Katete.

Kuchipatala anawaika magazi. M'mawa mwake aNambewe anadzuka n'kupempha phala, akuseka.

"Atate a Ireen, mwaona? Ndimati ndi njala chabe."

APatson anakhulupirira. Koma mwezi usanathe magazi aja anali atatha, ndipo dokotala anawaitanira pambali. Anati ndi khansa ya m'magazi, yoyambira m'mafupa momwe magazi amapangidwira, ndipo chithandizo chake chili ku Lusaka.

"Ndiye simungangochotsa pomwe pawonongekapo?"

"Palibe malo amodzi, bambo. Ili paliponse pomwe magazi amafika."

"Nanga amene mumawatumiza kumeneko, amabwerako angati?"

Dokotala anayang'ana pansi kaye. "Ana ambiri amalimba. Akuluakulu, ena amachira, ena ayi. Ambiri akabwerera kumudzi sitimvanso za iwo. Sindikufuna kukunamizani."

Ku Lusaka anakhalako mpaka mvula inatha. Tsitsi la aNambewe linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda moti ngakhale madzi ankawawa. APatson, munthu wa manja osakhala chete, ankangokhala pa benchi atawapinda. Pa benchi pomwepo anadziwana ndi aUsman, mwini sitolo wa ku Katete, amene mkazi wawo aZubeda ankagona bedi loyandikana ndi la aNambewe. Amuna awiriwa sankayankhulana zambiri. Ankagawana tiyi wa m'fulasiki, wina akapita kukagula chakudya mnzake n'kumamvetsera ngati anamwino aitana.

Amayi onse awiri anatulutsidwa m'sabata imodzimodzi, akuti matenda agona. ANambewe anafika kumudzi mtedza utakumbidwa kale ndi Ireen. Anakhala pamkeka n'kumathothola pang'onopang'ono, akukalipira nkhuku. Miyezi imeneyo aPatson sankapita kutali. Mijigo yakutali inadikira.

M'nyengo yotentha mabanga aja anabweranso. APatson anayamba kulongedza chikwama.

"Ikani pansi," anatero aNambewe. "Ku Lusaka ndinapitako. Mukufuna mudzandibweretse m'bokosi pamwamba pa galimoto?"

Anawanyengerera, anaitana Ireen, anaitana alongo awo a aNambewe, koma mayiwo sanasinthe. Anamwalira pakhomo pawo mvula yoyamba isanagwe.

Patapita milungu ingapo maliro atachitika, aPatson ali kumunda, foni inalira. Anali aUsman, omwe anali asanamve za malirowo.

"ASakala, muli bwanji kumeneko? Amayi akupeza bwanji? Kuno aZubeda ayambanso kamfuno kuyambira dzulo. Ndimati ndifunse, kaya kwanuko zinachitikapo, munatani?"

APatson anakhala pa mzere, khasu lili pakati pa miyendo. AUsman anaitana kawiri, akuganiza kuti foni yaduka.

"Ndilipo," anatero aPatson. "Thamangani nawo kuchipatala lero lomwe, achimwene. Zinazo ndidzakuuzani tikaonana."